Ma rodi akuduka, mabiti akutha msanga: yambani mwaona madzi amene mukuboolera

Abale anga amene mukugwira ntchito yoboola miyala kuno ku Joni, kaya muli pa mijigo, kaya ku kwale kophwanya miyala, kaya pansi pa mgodi penipeni ndi jackhammer, pali vuto limodzi limene likumabwerezabwereza ndipo nthawi zambiri mlandu wake ukumagwera munthu wosalakwa. Rodi, chitsulo chachitali choboolera chija, yaduka isanafike ndi theka lomwe la mamita amene imayenera kuboola, biti ya kunsonga kwake yagululuka mabatani odya mwala, mazinga olumikizira ma rodi amatana osamasuka, ndiye kapitawo amangoti opareta sadziwa ntchito, mwini kampani amati zitsulo za masiku ano ndi zafeki, wogulitsa naye amati mukuzigwiritsa ntchito molakwika. Amene amayamba wafunsa kuti kodi madzi akudutsa mkati mwa chitsulocho ndi otani ndi ochepa zedi. Ine ndikuti yambirani pamenepo, chifukwa madzi a dera lino pena amadya chitsulo mwakachetechete ndipo amayambira mkati mmene maso saona.

Tikamati madzi amchere ife timaganiza za mijigo ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje ija yoti sopo sachita thovu. Kuno mchere wake uli pawiri. Pali chloride, womwe uli mu mchere wothira m'ndiwo uja, umapezeka kwambiri m'madzi otuluka m'ming'alu ya pansi penipeni m'migodi yakuya monga ya chigawo cha Carletonville komwe kuli Mponeng, mgodi wofika pafupifupi makilomita 4 pansi, komanso umachuluka m'madzi amene amangozunguliridwa, kupopedwa, kuziziritsidwa, kubwezedwanso ku makina. Wina ndi sulphate, wochokera ku pyrite, mwala wonyezimira uja umene osadziwa amauyesa golide. Chiyambire 1886 pamene golide anapezeka ku Langlaagte, thanthwe la Witwatersrand lakhala likutsegulidwa, ndiye pyrite akakumana ndi mpweya ndi madzi amapanga asidi, asidiyo n'kumasungunula zitsulo za m'mwala. Mu 2002 madzi oterowo anadzaza migodi yakale mpaka kutulukira pamtunda cha ku Krugersdorp ndi Randfontein. Pano kuli malo oyeretsera ku Germiston ndi ku Springs, amathira layimu kuti asidi aphwe ndi kuti zitsulo zikhazikike pansi, koma sulphate wambiri amatsalabe m'madzimo. Ndiye ngati saiti yanu ili kufupi ndi mapiri achikasu a zinyalala za m'migodi aja, a ku Riverlea, Diepkloof, Boksburg, Benoni, ndipo madzi mukutunga m'dambo kapena m'dzenje lapafupi kuti musalipire bawuza, galimoto yobweretsa madzi ija, dziwani kuti mwina mukuthira mankhwala odya chitsulo mu rodi yanu.

Osalawa madziwo kuti mumve ngati ali ndi mchere chonde. Zinyalala za migodi ya golide ya kuno zili ndi uranium ndi zitsulo zina zowononga thupi.

Chimene chimachitika pa chitsulo n'chakuti adani awiri amathandizana. Mwala wa kuno wambiri ndi quartzite, wolimba koopsa, fumbi lake limapala chitsulo. Dzimbiri nalo likayamba limapanga kachikuto pamwamba, kamene m'madzi abwino kamachedwetsako kudyeka. Tsono poboola mwala umapala kachikutoko, chitsulo chatsopano chimakhala poyera, madzi amchere amachigwira nthawi yomweyo, kachikuto kena kabwera, mwala wapalanso, basi choncho shifiti yonse. Zili ngati chilonda chimene ukungochotsa nkhanambo tsiku ndi tsiku, sichipola koma chimangokula. N'chifukwa chake kutha kwa zinthu ziwirizi zikaphatikizana kumaposa kuwerengera kwa mwala pawokha kuonjezerapo dzimbiri palokha. Mchere umapangitsanso kuti madzi azidutsitsa mphamvu ya magetsi mosavuta, ndipo dzimbiri limayenda ndi timagetsi tating'onoting'ono pakati pa mbali ziwiri za chitsulo, ndiye mchere ukachuluka ntchito yake imafulumira. Chloride ali ndi khalidwe lina loipa, sadya mofanana paliponse, amakumba timaenje tating'ono tozama. Kutentha kumaonjezera, ndipo pansi pa migodi yakuya mwala umafika madigiri 60.

Koma ndinene mosabisa, sikuti chilichonse chotha msanga ndi madzi ayi. Pa quartzite kunja kwa biti kumatha ndi mwala basi, olo mutaboolera madzi a m'botolo. Mchere umapambana m'malo obisika, m'bowo la madzi la pakati pa rodi, m'mazinga, kuzungulira mabatani, komanso nthawi imene zida zangokhala osagwira ntchito. Ndiye musanaweruze, phunzirani kuwerenga chidutswa chodukacho.

Rodi ikaduka

Musataye zidutswa, ndipo musazikhulitse pansi. Pukutani poduka paja ndi kansalu kouma muyang'ane pa dzuwa, ngati maso akuvuta jambulani ndi foni n'kukulitsa chithunzi. Muona mbali ziwiri, ina yosalala yokhala ndi timizere tokhotakhota ngati theka la mwezi, ina yokhakhala yowala. Yosalalayo ndi pamene mng'alu unkayenda pang'onopang'ono masiku ambiri, yokhakhalayo ndi pamene chitsulo chotsala chinangothyoka kamodzi. Tsatirani timizereto kuti tikuchokera pati. Ngati tikuchokera m'mphepete mwa bowo la madzi, ndipo poyambirapo pali kadontho kakuda kapena kofiirira, amenewo ndi madzi, palibenso kukangana. Kadzenje ka dzimbiri kanakumbika mkati, makina n'kumamenya ka 2000 kapena kuposa pa mphindi imodzi, kadzenje kaja kanasanduka mng'alu. Chitsulo chouma chimatha kupirira kumenyedwa kotere nthawi yaitali, koma m'madzi amchere mphamvu yopirira ija imatsika kwambiri. Mukafuna umboni wina dulani chidutswacho m'litali ndi gilayinda muone khoma la bowolo, mukapeza lili ndi timaenje ponseponse ndiye kuti ma rodi ena onse amene anabwera limodzi ndi imeneyi ali m'njira yomweyo.

Ngati timizere tikuchokera kunja, fufuzani pamenepo. Nthawi zambiri mupeza chipsera cha hamala pamene wina ankamenya kuti biti ichoke, kapena pamene sipanala ya mano inaluma, kapena nambala yodindidwa ndi chitsulo, kapena podontha moto wa welodingi. Limenelo ndi vuto la kagwiridwe, gulani chochotsera biti chenicheni ndipo manambala muzilemba ndi penti. Ikaduka kufupi ndi kolala kapena pa shanki, kumapeto kolowa m'makina kuja, onani bushi ya m'makina yogwira rodiyo ngati yakula, chifukwa bushi yotha imapangitsa kuti pisitoni izimenya rodi chammbali. Ndipo mukaona chitsulo chasanduka chabuluu, kumeneko ndi kutentha, mwina makina amamenya osakankhidwa mokwanira pa mwala kapena oyilo safika.

Mabatani akugululuka kapena kufumbutuka

Mabatani aja ndi tungsten carbide, timchenga tolimba kwambiri tomatidwa ndi cobalt pang'ono, kawirikawiri pafupifupi 6 pa 100 alionse. Carbide payekha saopa madzi kwenikweni koma cobalt amasungunuka m'madzi a asidi. Cobalt akachoka pamwamba timchenga tija timatsala topanda chogwirira n'kumayoyoka, batani limaoneka lotuwa, lokhakhala, losawala, ndipo limatha mwachangu modabwitsa pa mwala womwe kale linkaupirira. Zikatero yezani pH, muyezo wa asidi m'madzi, tsiku lomwelo.

Batani likachoka lonse lathunthu n'kusiya dzenje, yang'anani chitsulo chozungulira. Zitsulo ziwiri zosiyana zikagundana m'madzi amchere chimodzi chimadyeka m'malo mwa chinzake, ndipo apa chodyeka ndi thupi la biti, ndiye pang'onopang'ono kamphako kamatseguka m'mbali mwa batani, madzi amakhalamo, kugwira kuja kumachepa. Mukapeza dzimbiri mpaka pansi pa dzenjelo, madzi analowamo kale batani lisanachoke. Dzenje likakhala loyera koma lophwanyika kukamwa, ganizirani zomenya pachabe biti isanakhudze mwala, kapena kuboola ndi mabatani ophwatalala. Lamulo lakale lija likadali labwino, nolani batani pamene kuphwatalala kwafika gawo limodzi mwa magawo 3 a kukula kwake, musadikire kuti lifike theka. Amene mukuboola pa mwala wa dolomite cha ku Westonaria, Lenasia kapena Centurion muonanso timing'alu tating'ono pamwamba pa batani ngakhale silinathe, timeneto timabwera ndi kutentha pa mwala wosapala kwambiri, nolani titheretu madzi asanayambe kulowamo.

Mazinga ndi ma kapulingi

Apa mpamene mchere umakonda kubisala chifukwa madzi akalowa pakati pa mazinga satuluka ndipo saumanso. Chizindikiro chake ndi timaenje m'munsi mwa mazinga ndi ufa wofiirira mukamasula Lolemba m'mawa. Kaya mtundu wa mazinga ndi R32, T38, T45 kapena T51, mankhwala ake ndi amodzi, bulashi yawaya kaye, pukutani, kenako gilizi wa mazinga weniweni, osati gilizi wa ma bering'i amene amangokokoloka ndi madzi. Kupaka gilizi pamwamba pa matope amchere n'kutsekera mdani m'nyumba, chonde yambani mwatsuka. Musasiye ma rodi atalumikizana wikendi yonse, ndipo musaike kapulingi yakutha, cholumikizira ma rodi chija, pa rodi yatsopano chifukwa imaiononga msanga. Muzisinthanso malo a ma rodi mu mzere kuti yoyamba isakhale yomweyomweyo masiku onse.

Makina enieniwo nawo amavulala. Pa jackhammer ya mpweya, mphamvu ya madzi izikhala yotsikirapo kuposa ya mpweya, pafupifupi 1 bar pansi, apo ayi madzi amabwerera m'makina n'kutsuka oyilo yense. Kachubu ka madzi kakang'ambika kapena karaba kake kakatha zimachitikanso chimodzimodzi, muona nkhungu yamadzi ikutuluka potulukira mpweya ndipo shanki imakhala youma gwa m'malo mokhala ndi kachinyezi ka oyilo. Imani musinthe kachubuko, n'kotchipa kuposa pisitoni. A hamala ya DTH inunso, hamala yolowa m'dzenje momwemo ija, mukamabaya madzi kapena thovu mu mpweya onjezerani oyilo, chifukwa madziwo amamuchotsa, ndipo oyilo wake akhale wa makina oboolera miyala amene amamata pa chitsulo chonyowa. Oyilo wakuda wochotsa mu injini asafike pafupi, alibe mphamvu yomata ndipo nkhungu yake mukuipuma ndinu.

Kuyeza madzi

Sizifuna labu poyamba. Kacholembera koyezera EC (mmene madzi akudutsitsira magetsi) kapena TDS (mchere wonse wosungunuka) kamapezeka m'mashopu a zaulimi ndi a zosefera madzi, timapepala ta pH tili m'mashopu a za maswimingi pulu. Kuti mukhale ndi poyerekezera, muyezo wa madzi akumwa wa dziko lino, SANS 241, umalola EC mpaka 170 mS/m, mchere wonse wosungunuka mpaka 1200 mg pa lita, chloride mpaka 300 mg pa lita. Muyezowu anaupangira anthu osati zitsulo, komabe madzi akadutsa pamenepo inu yambani kusamala kwambiri. Madzi a m'mipopi a Rand Water ochokera ku damu la Vaal amakhala pansi kwambiri pa manambala amenewa, ndiye yezani a pampopi kaye kenako a pa saiti, kusiyana kwake mukuona nokha. Onetsetsani kuti kachipangizoko kakuwerenga mu chiyani, 170 mS/m ndi chimodzimodzi 1700 µS/cm, ambiri amasokonezeka pamenepa. Kumbali ya pH, 7 ndiye pakati, ikatsika kuchepera 6 cobalt ndi chitsulo zili pa ngozi, ndipo madzi a m'migodi yakale amatha kufika 3 kapena kutsikirapo. Matope achikasu kapena ofiirira pansi pa thanki ndi chizindikiro cha madzi oterowo.

Yezerani pa payipi yolowa m'makina, osati kokha kumene madzi akuchokera. Ndipo osayeza kamodzi n'kuiwala. Kuyambira Meyi mpaka Seputembala kuno mvula sigwa, madzi a m'madamu ndi m'maenje amauluka ndi dzuwa koma mchere suuluka, umatsala n'kumachuluka, ndiye dzenje limene linali labwino mu Febuluwale likhoza kukhala loipa mu Ogasiti. Amene mumazunguliza madzi omwewo pa sampu, dzenje losonkhanitsira madzi lija, zimakhalanso choncho, tsiku lililonse akukhala amchere kuposa dzulo. A mijigo kumbukiraninso kuti madzi amene mwawapeza pansiwo nawonso akusambitsa hamala ndi ma rodi, yezani otuluka m'dzenjemo.

Manambala akakhala okwera tumizani botolo ku labu akuuzeni chloride ndi sulphate payekhapayekha, pepala lake lidzakuthandizani pokambirana ndi abwana komanso ndi wogulitsa zida.

Chochita madzi akapezeka oipa

Pali zinthu zimene anthu amadalira koma sizichotsa mchere. Sefa imagwira mchenga, ndi yofunika ndithu chifukwa mchenga umapala mkati mwa bowo, koma mchere wosungunuka umadutsa. Kusiya madzi akhazikike mu thanki n'chimodzimodzi. Layimu amakweza pH n'kupulumutsa cobalt, koma chloride samukhudza, ndipo mukathira wambiri amatseka mapayipi ndi timabowo ta biti. Mankhwala a klorini a mu pulu amene ena amaponya mu thanki kuti ndere zisamere amaonjezera kudya kwa chitsulo. Chochotsa mchere chenicheni ndi makina a reverse osmosis, amene pa saiti yaing'ono sangatheke, ndiye njira yathu ndi kusakaniza ndi madzi abwino kufikira nambala itatsika, kapena kutaya madzi a sampu pamalo ovomerezeka n'kuyamba ndi atsopano.

Koma chimene ndaona chikusintha zinthu kwambiri ndi mphindi zomaliza za shifiti. Poboola madzi amathamanga, sakhalitsa malo amodzi. Makina akazima madzi amchere amatsala chiimire m'bowo usiku wonse, Lachisanu mpaka Lolemba, kapena tchuthi chonse cha Disembala pamene tonse tapita kumudzi, amauma pang'onopang'ono ndipo akamauma mchere umakhala wamphamvu zedi pamalo amodzimodziwo. Timaenje tambiri timabadwa nthawi imeneyi. Ndiye sungani diramu imodzi ya madzi a pampopi ya ntchito imeneyi yokha. Pomaliza dutsitsani madzi abwinowo mu rodi iliyonse, uzirani ndi mpweya wa kompuresa mpaka kutuluke kouma, thirani oyilo pang'ono m'bowo muuzirenso kuti ayende khoma lonse. Hamala ya DTH iuzireni ndi mpweya wokhawokha madzi atatsekedwa kwa mphindi zingapo, thirani oyilo, mutseke kukamwa. Pouzira onetsetsani kuti kutsogolo kulibe munthu, kamwala kotuluka mmenemo kamaboola diso. Ma rodi agone pa thandala, osati pa dothi la saiti limene nalonso lili ndi mchere, ndipo apendekeke pang'ono kuti madzi otsala atsike. Zotsekera za pulasitiki muziika rodi itauma, mukatseka yonyowa mwaisungira matenda. Mabiti asagone mu ndowa ya madzi ayi, tsukani, umitsani, pakani oyilo.

Ndikudziwa kuti nthawi yoweruka aliyense amathamangira takisi, ndipo ambiri salipidwa mphindi zoonjezera. N'chifukwa chake ndimati ntchito imeneyi ilowe mu nthawi ya shifiti, kapitawo aziimitsa kuboola nthawi ikadalipo. Sizoona kuti wantchito azipulumutsa zida za kampani ndi nthawi yake yaulere.

Pogula zatsopano muuzeni wogulitsa za madzi anu, mumuonetse pepala la ku labu. Makampani monga Sandvik, Epiroc ndi Boart Longyear ali ndi mitundu yosiyanasiyana ya ma rodi ndi ya carbide, ndipo ma rodi ena amabwera atatetezedwa ku dzimbiri mpaka m'bowo la mkati. Funsani zimenezo mwachindunji, kuti kodi mkatimo munapakidwa chiyani, chifukwa penti yakunja imatha tsiku loyamba lomwelo.

Chimodzi chokha musachite olo zitavuta bwanji, kutseka madzi n'kuboola chouma kuti chitsulo chikhalitse. Fumbi la quartzite ndi lomwe linapatsa azigogo ndi azibambo athu a nthawi ya Wenela ndi Theba matenda a m'mapapo a silicosis, amene sachira ndipo amatsegulira TB khomo. Mlandu umene ogwira ntchito m'migodi anasumira makampani a golide pa matendawa unatha ndi mgwirizano wa R5 biliyoni mu 2018, womwe unabala Tshiamiso Trust, bungwe lopereka chipukuta misozi, ndipo mpaka lero mabanja ambiri akuvutika kutsatira ndalamazo. Madzi ali pa makina chifukwa cha mapapo anu choyamba. Ngati muli pa mgodi kapena pa kwale, gawo 23 la Mine Health and Safety Act ya 1996 limakulolani kuchoka pamalo pamene pali ngozi ku moyo kapena thanzi lanu. Madzi a asidi amaononganso khungu, valani magolovesi, ndipo jombo zikalowa madzi sambani mapazi ndi madzi abwino mukaweruka.

Ngati abwana amakudulani malipiro chida chikaonongeka, khalani ndi kabuku. Lembani nambala ya rodi, tsiku limene inayamba ntchito, mamita amene yaboola, EC ndi pH ya tsikulo, ndipo ikaduka jambulani poduka pomwepo musanaipereke ku sitolo, chithunzi chimodzi chapafupi choonetsa pamene mng'alu unayambira. Gawo 34 la Basic Conditions of Employment Act silimulola bwana kungodula ndalama chifukwa chida chaonongeka. Pamafunika kuti inu muvomere polemba, kuti kuonongekako kukhale chifukwa cha kulakwa kwanu, kuti akupatseni mpata wofotokoza mbali yanu, ndipo zodulazo zisapose mtengo wa chinthucho kapena 25 pa 100 ya malipiro anu. Musasaine pepala limene simunaliwerenge, pemphani kope lanu, ndipo akadulabe mokakamiza tengani kabuku kaja, zithunzi ndi pepala la malipiro mupite nazo ku ofesi ya zantchito kapena ku CCMA, bungwe loona mikangano ya pantchito.